Chamba cha wolemera ndi mankhwala, cha mmphawi ndi mlandu

M'chaka cha 2022 makhoti a ku Blantyre anaweruza milandu iwiri ya chamba m'masabata oyandikana. Wina unali wa mnyamata wosakwana zaka 20 amene apolisi anamupeza ndi matumba a chamba. Anamulamula kukagwira ukaidi zaka 8. Winawo unali wa bwana wamkulu wa kampani ina yotchuka, munthu wochokera kunja, amene anapezeka akulima chamba pakhomo pake. Iyeyu analipira chindapusa cha K1 miliyoni n'kubwerera kunyumba. Achinyamata anakwiya, anatuluka m'misewu ndi zikwangwani, oimba analowererapo, ndipo khoti lalikulu linadzachepetsa chilango cha mnyamata uja.

Odziwa malamulo anatiuza kuti milanduyi inali yosiyana, wina anali ndi katundu wambiri wooneka kuti ndi wa malonda pamene wina anali ndi mitengo yochepa. Zimenezo sindikutsutsa. Koma anthu amene anayenda pamsewu paja sankawerenga makilogalamu. Ankanena chinthu chimene aliyense wokulira ku Ndirande, ku Mtandire kapena ku Chibavi amachidziwa kuyambira ali mwana, chakuti pa nkhani ya chamba amene amagona m'chitokosi ndi wa m'thumba mopanda kanthu. Chimakomera mbuzi kugunda galu, koma galu akaluma mbuzi mudzi wonse umanyamula zibonga.

Maganizo anga ndiwanena poyera. Munthu wamkulu wopezeka ndi chamba chochepa chosuta yekha asamamangidwe. Mlimi wa kumudzi amene wakhala akulima mbewuyi mobisa apatsidwe khomo lolowera m'malonda amene boma linawavomereza kale. Mashopu a chamba m'matauni mwathu sindikuwafuna. Ine sindisuta, ndipo chamba chinandilanda mwana amene ndinkamukonda, nkhani imene ndifotokoze kutsogoloku. Ndikulemba izi osati chifukwa choti chamba ndi chabwino, koma chifukwa choti lamulo lathu likulanga anthu olakwika, pa zifukwa zimene boma lenilenilo linasiya kuzikhulupirira.

Lamulo limene apolisi amamangira anthu a chamba, la Dangerous Drugs Act, linakhazikitsidwa mu 1956, dziko lino likadali Nyasaland, m'masiku a chitaganya. Ndi lakale kuposa mbendera yathu, ndipo chilango chake chachikulu chimafika pokhala m'ndende moyo wonse. Muzu wake uli kunja. Mu 1925 mayiko atakumana ku Geneva anaika chamba pa mndandanda wa mankhwala oyenera kuyang'aniridwa, ndipo ena mwa amene anakankha kwambiri zimenezi anali Egypt ndi boma la azungu la South Africa, limene linkaona dagga, dzina la chamba kumeneko, ngati vuto la antchito akuda ndi amwenye. Mu 1961 pangano la United Nations linaika chamba m'gulu limodzi ndi heroin. Zinakhala choncho mpaka mu Disembala 2020 pamene mayiko anavota kuchichotsa m'gulu loopsitsitsalo, povomereza kuti chili ndi ntchito kuchipatala. Eni ake anayamba kale kuunikanso maganizo awo. Ife tikadali ndi chibonga chimene anatisiyira.

Papita zaka pafupifupi 70 tikumanga anthu, tikuzula mbewu m'mapiri, tikutentha matumba pamaso pa atolankhani. Aliyense adzifunse moona mtima ngati lero kuli tauni, sukulu ya sekondale yogonera konko kapena doko la asodzi kumene mnyamata wofuna kanundu angamusowe. Dzina la chamba chathu lakuti Malawi Gold likudziwika ku Amsterdam, ku Cape Town ndi ku California. Linatchuka lamuloli lili pomwepo. Ntchito ina iliyonse ya boma imene yalephera kwa zaka 70 tikanaifunsa kale mafunso.

Mu 2015 phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, a Boniface Kadzamira, anaimirira m'Nyumba ya Malamulo kunena kuti dziko lino liganizire zolima chamba chosaledzeretsa cha m'mafakitale. Aphungu anzawo anaseka, ena ankafunsa ngati bambowa sanalaweko. Wamisala anaona nkhondo. Mbewuyo anaiyesa ku Chitedze, ndipo mu Febuluwale 2020 Nyumba yomweyo inavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, n'kukhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority loyang'anira ntchitoyi. Cha m'mafakitale chimayenera kukhala ndi THC, chinthu chimene chimaledzeretsa chija, yosapitirira gawo limodzi pa 100. Kusuta kunakhalabe mlandu.

Mpaka apa ndinalibe chodandaula. Mtima wanga unasweka mitengo ya ziphaso italengezedwa kumapeto kwa chaka chomwecho. Chiphaso cholimira chamba cha mankhwala anachiika pa madola 10,000 a ku America, cha m'mafakitale madola 2,000. Pa nthawiyo madola 10,000 anali ndalama zoposa K7 miliyoni, ndipo kuchokera pamenepo kwacha yagwetsedwa kawiri konse, mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023. Kuwonjezera apo pankafunika mbewu yochokera kunja, mpanda, alonda ndi malo oumitsira ogwirizana ndi zofuna za ogula a kunja. Palibe mlimi wa m'mapiri a Nkhotakota kapena a Mzimba amene anaonapo ndalama zimenezo pamodzi. Mtengo wolembedwa m'madola umanena wokha kuti waikidwira ndani.

Anawauza alimi kuti alowe m'makopaletivi, ndipo ambiri anamvera. Anasonkha za chiphaso, za maphunziro, za mbewu, ena mochita kukongola. Atakolola, ambiri a iwo msika umene analonjezedwa sanauone, katundu anangokhala m'nyumba zosungira. Pakati pa zonsezi, mu Novembala 2021, unduna wa zamalimidwe unalembera Mike Tyson, katswiri wakale wa nkhonya wa ku America, kumupempha kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi. Chimene tinkafuna kuti akatigulitsire ndi mbiri ya Malawi Gold. Mbiri imeneyo sanaimange wa suti aliyense. Anaimanga agogo athu amene ankasankha mbewu chaka ndi chaka, amene anadziwa nthawi yokolola, amene anatulukira luso lokulunga chamba m'makungwa a nthochi, kuchimanga zolimba ngati chitsononkho n'kuchisiya kuti chikhwime. Zidzukulu zawo ndi zimene zimathamangitsidwa m'tchire pamene dzina la mbewu yawo likulembedwa m'makalata opita ku America. Zimenezi zimandiwawa ngati munthu wakulanda munda, kenako n'kukumangitsa chifukwa wapondamo.

Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza bilu ya phungu Peter Dimba yoti chamba chathu cha makolo nacho chizilimidwa ndi chiphaso, kusuta kokha kukhalebe koletsedwa. Ili linali phazi labwino, chifukwa kunali kupanda nzeru kuitanitsa mbewu kunja pamene yathu ndiyo ikufunidwa. Koma ngati khomo lolowera likhalabe la madola, tangowonjezera mbewu imodzi pa mndandanda wa zimene olemera angalime. Boma silinganene kuti mbewuyi ndi chuma cha dziko Lolemba, Lachiwiri n'kutsekera munthu chifukwa cha mbewu yomweyo.

Tiyeni tione chifukwa chimene mlimi wa kumapiri amalimira chamba, pakuti ambiri a m'tauni amaganiza kuti ndi chigawenga. Fodya wa bale amafuna nazale, feteleza, chigafa, antchito osoka ndi osankha, ndalama ya thiransipoti yopita ku okushoni ku Kanengo, ku Chinkhoma kapena ku Mzuzu, ndipo ukafika kumeneko wogula ndiye amanena mtengo. Belo ikhoza kubwezedwa. Akachotsa ngongole ndi misonkho, chotsala nthawi zina sichikwana kugula chimanga cha chaka. Chamba chimamera ndi zolowa zochepa, sichilemera kunyamula, sichiola msanga, ndipo wogula amabwera yekha pamudzi ndi ndalama m'manja. Bambo amene ali ndi ana asanu ofuna fizi, kumalo kumene msewu umaduka nthawi ya dzinja, akasankha chamba sanasankhe uchigawenga. Wawerengera ngati mlimi wina aliyense.

Koma phindu lenileni silitsala kwa iye. Limapita kwa amene ali ndi galimoto, amene amadziwa kubisa katundu pansi pa matumba a makala kapena a chimanga, amene amadziwa kudutsa pa rodibuloko ya Kaombe, ya Jenda kapena ya Zalewa, n'kukafika naye ku Zimbabwe ndi ku South Africa kudzera ku Mozambique. Mtengo umakwera pa chipata chilichonse chimene katundu wadutsa. Nkhani za apolisi zimene timawerenga sabata ndi sabata zimatchula dalaivala, kondakitala, mayi wonyamula chikwama m'basi, mnyamata wa kabaza. Mwini katundu sitimumva kawirikawiri. Ndipo tisanamizane, lamulo lililonse limene limaphwanyidwa ndi anthu zikwizikwi tsiku lililonse limasanduka munda wa ziphuphu. Wapolisi wa malipiro ochepa akapeza mnyamata ndi kandudu kamodzi, amakhala ndi mphamvu yomuwonongera moyo kapena yomumasula pa ndalama ya fanta. Mphamvu imeneyo imawononga onse awiri. Apolisi ambiri oona mtima amaidziwa nkhaniyi kuposa ine.

Ena adzati masiku ano wopezeka ndi chamba chochepa amangolipitsidwa chindapusa. Nthawi zambiri n'zoona, ndipo apa ndi pamene pagona nkhanza. Chigamulo chimati lipira ndalama zakuti, ukalephera ukakhale kundende miyezi yakuti. Mwana wa ku Area 10 kapena ku Namiwawa amalipira asanatuluke pabwalo la khoti. Mwana wa mayi wogulitsa mandasi amakwera galimoto ya ndende. Mlandu umodzi, chigamulo chimodzi, koma wina chilango chake ndi kuchotsa ndalama ku banki, wina ndi kugona ku Maula kapena ku Chichiri. Ndipo ambiri amakhala atagona kale masabata pa limandi chifukwa chosowa womuimira pa belo.

Aliyense amene anakaonako m'bale ku ndende zathu akudziwa zimene zili mkatimo. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti linagamula kuti kuthithikana ndi kuchepa kwa chakudya m'ndende zathu ndi nkhanza zosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Mpaka lero ndendezi zimasunga anthu ochuluka kwambiri kuposa amene zinamangidwira. Anthu amagona chokhala, mwendo m'mwendo, amadya mgaiwa kamodzi patsiku, chifuwa chachikulu ndi mphere zimayenda momasuka. Kumeneko ndi kumene tikutumiza mnyamata wa zaka 20 kuti akasiye kusuta. Amatulukako sukulu itamudutsa, dzina lili m'kaundula wa apolisi, ntchito iliyonse yofuna kalata ya polisi itamutsekera, ndipo anzake atsopano ndi othyola nyumba. Tinamutenga ali wosuta chabe, tamubweza ali munthu wopanda chotaya. Malo amene anagona, chakudya chimene anadya, nthawi ya majisitireti ndi ya wapolisi woimira boma, zonsezo zinalipiridwa ndi msonkho wanu, pamene milandu yogwirira ana ndi yakuba ndalama za boma ikudikira tsiku.

Tsopano ndinene za mwana wa mchemwali wanga, chifukwa sindikufuna wina aganize kuti ndikulankhula ngati munthu amene sanapsepo. Anali mnyamata wanzeru, wa masamu, amene ndinkamulipirira fizi ngati malume wake. Anayamba kusuta ali Fomu 2. Tinazindikira mochedwa, ndipo titazindikira tinachita zimene mabanja ambiri amachita: tinamukalipira, tinamukwapula, tinabisa nkhaniyo. Mayi ake ankaopa kupita naye kuchipatala chifukwa ankaganiza kuti akanena za chamba, nkhani ikafika kupolisi. Pofika zaka 19 anayamba kulankhula yekha, kunena kuti wailesi ikumunena, kukana chakudya poopa kuti tamuthirira mankhwala. Usiku wina anaphwanya mawindo onse a nyumba. Tinamumanga ndi chingwe, ine ndi manja angawa, n'kupita naye kuchipatala cha odwala misala. Lero ali moyo, amamwa mankhwala, amathandiza mayi ake kumunda, koma mnyamata wa masamu uja sanabwerere. Akandiona amati, “Malume, ndikanakhala injiniya ine.” Ndimasowa choyankha.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anzanga amene amati chamba ndi therere chabe, chomera cha Mulungu chosapweteka munthu. Madokotala akudziwa kuti ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 25, ndipo kusuta tsiku ndi tsiku chamba champhamvu, makamaka ukayamba uli wamng'ono, kumakweza chiopsezo cha misala, kwenikweni kwa amene m'banja mwawo muli kale matendawa. Pa anthu 10 osuta, mmodzi amagwidwa chibaba choti sangathe kusiya yekha, ndipo kwa oyamba ali achichepere chiwerengerocho chimakwera. Chamba chathu si chofooka, ndiye chifukwa chake chinatchuka. Wonena kuti palibe choopsa sanamangepo mwana wake ndi chingwe.

Koma funso limene landisowetsa tulo zaka zonsezi ndi lakuti, kodi lamulo la 1956 linamuteteza bwanji mwana ameneyu? Linalipo tsiku limene anagula ndudu yake yoyamba kuseri kwa sukulu. Wogulitsayo sanamufunse zaka, chifukwa wogulitsa mobisa alibe chiphaso choti angalandidwe. Chimene lamulolo linachita m'banja mwathu ndi kutitseka pakamwa kwa zaka zitatu zimene tikanatha kupeza thandizo. Aphunzitsi akamugwira mwana amangomuchotsa sukulu, makolo amabisa, mwanayo amanama, ndipo tonse timakumana kuchipatala zinthu zitafika kale pa mwana wakana phala. Dziko lonse lino lili ndi chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chimodzi, cha ku Zomba, kuphatikizapo ntchito imene a St John of God amagwira ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Madokotala a ukatswiri wa matendawa ndi owerengeka ndi zala. Ndalama zimene timathera posaka, kuzenga ndi kudyetsa osuta m'ndende zikanalemba anamwino a matenda a maganizo m'zipatala za m'maboma.

Pa mkangano uwu anthu amasakaniza zinthu ziwiri, ndipo kusakanizako ndi kumene kumaopseza makolo. Kuchotsa mlandu pa wosuta ndi kwina, kulola malonda a chamba chosuta ndi kwinanso. Dziko la Portugal mu 2001 linasiya kutengera kukhoti munthu wopezeka ndi mankhwala ozunguza bongo ongokwanira iye yekha kwa masiku 10. M'malo mwake amakaonekera ku kabungwe ka anthu a zaumoyo, a zamalamulo ndi a zachisamaliro cha anthu, amene amaona ngati akufunika chithandizo. Kugulitsa kunakhalabe mlandu. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito, khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula mu Seputembala 2018 kuti munthu wamkulu akhoza kulima ndi kusuta dagga kwa iye yekha pamalo pake, ndipo mu 2024 President Cyril Ramaphosa anasainira lamulo lotsatira chigamulocho. Kugulitsa ndi kusuta pamaso pa ana n'zoletsedwabe. Germany mu 2024 inalola munthu wamkulu kuyenda ndi magalamu 25 ndi kukhala ndi mitengo itatu pakhomo. Uruguay mu 2013 ndi Canada mu 2018 anapita patali, analola malonda enieni.

Njira ya Canada si yathu, ndipo phunziro lili ku Thailand. Dzikolo linamasula chamba mu 2022 lisanakonze malamulo oyendetsera malondawo. Mashopu zikwizikwi anatseguka m'kanthawi kochepa, madandaulo okhudza ana anachuluka, ndipo mu 2025 boma linabwerera m'mbuyo n'kulamula kuti wogula azikhala ndi kalata ya dokotala. Ifenso tili ndi phunziro lathu la pakhomo. Tonse tikukumbuka zimene mowa wa m'masacheti unachita, ana a pulayimale akuuyamwa ngati maswiti, mpaka boma linauletsa, ndipo unangobwerera m'timabotolo. Ngati tikulephera kuletsa mwini bala kugulitsa mowa kwa mwana wa yunifolomu, sitingakwanitse kuyang'anira mashopu a chamba. Kampani ikalowa pa malonda imafuna osuta achuluke, ndipo imadziwa kuti kasitomala wokhalitsa ndi amene wayamba ali mwana. Zimenezo ndikuzikana ndi mtima wonse. Chimene ndikupempha ndi chaching'ono kuposa pamenepo: Nyumba ya Malamulo iike mlingo wa magalamu, wopezeka ndi zochepera pamenepo ngati ndi wamkulu asalowe m'chitokosi ndipo dzina lake lisalembedwe m'kaundula wa milandu, ngati ndi mwana aitanidwe makolo ndi a zaumoyo. Wogulitsa kwa ana alandire chilango chowawa kuposa cha lero. Woyendetsa galimoto ataledzera nacho aweruzidwe ngati woledzera mowa.

Atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu akhala akutsutsa nkhaniyi kuyambira 2015, ndipo ndimawalemekeza chifukwa ndi iwo amene amalandira mayi wolira mwana wake akazungulira mutu. Kwa iwo ndinena modzichepetsa kuti si tchimo lililonse limene boma limamangira munthu. Chigololo chapasula mabanja ambiri kuposa chamba, koma sititumiza achigololo ku Maula. Kachasu wapha anthu ambiri m'midzi mwathu, wawotcha ziwindi, wamenyetsa amayi, koma womwa kachasu timamulalikira, sitimumanga. Fodya amene dziko lino ladalira kwa zaka zoposa 100 amapha anthu mamiliyoni chaka chilichonse padziko lapansi, ndipo timatsegulira msika wake ndi mapemphero. Abusa apitirize kulalikira kuti chamba n'choipa, inenso ndidzavomera ameni. Koma mnyamata amene akuopa unyolo sabwera kwa abusa kudzaulula. Amabwera amene akudziwa kuti akaulula athandizidwa.

Pali funso limodzi limene silingazembedwe: kodi osuta sachuluka? Mwina achulukako pang'ono, makamaka akuluakulu amene ankaopa manyazi a kukhoti. Walira mvula walira matope, ndipo ndikanakhala wabodza ndikanati matope sadzakhalapo. Koma ku Portugal chigumula chimene anthu ankaopa sichinabwere, ndipo kuno kwathu amene akufuna kusuta akusuta kale. Chimene chimaletsa mwana kusuta si ndime ya lamulo imene sanaiwerengepo. Ndi kholo limene likudziwa kumene mwana ali madzulo, mphunzitsi amene amamuona akasintha, sukulu imene ili ndi malo ake, ntchito imene akuiyembekezera. Achinyamata amene amakhala pa shopu kuyambira m'mawa mpaka usiku, satifiketi ya MSCE ili m'chikwama, sakusuta chifukwa chilango n'chochepa.

A chipembedzo cha Rasta nawo akhala akuyenda m'misewu kwa zaka zambiri kupempha kuti chamba chiloledwe pa mapemphero awo. Mu 2023 khoti lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana awo asamaletsedwe sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Zinatitengera nthawi yaitali kuvomereza chinthu chophweka chotero. Kusintha kumene ndikunenaku kungawachotsere mantha olowa m'chitokosi popanda kuwapangira lamulo lapadera.

Ndichenjezenso amene akulota kuti chamba chilowa m'malo mwa fodya n'kutibweretsera ndalama zakunja zosefukira. Mu 2021 President wa nthawiyo Lazarus Chakwera ananena poyera kuti tsogolo la fodya likutha ndipo anatchula chamba ngati imodzi mwa mbewu zoyenera kuziganizira. Kufunafuna mbewu ina n'koyenera, koma msika wa chamba cha mankhwala uli ndi malamulo okhwima a ukhondo ndi kayezedwe, ndipo mayiko olemera amalima chawo m'nyumba zagalasi. Lesotho inali yoyamba mu Africa kupereka ziphaso mu 2017. Makampani akunja analowa, ziphaso zinakwera mtengo, ndipo alimi a m'mapiri amene akhala akulima matekoane, chamba cha kumeneko, kwa mibadwo anapitiriza kuzembetsa katundu wawo kupita ku South Africa monga kale. Zimbabwe inatsatira mu 2018, Zambia pambuyo pake, ndipo konseko chiphaso ndi cha okhala ndi ndalama zambiri. Tikapanda kusamala tidzabwereza mbiri ya maesiteti a fodya, pamene mwini chiphaso amakhala mu mzinda ndipo mwini luso amasanduka tenanti pa mbewu ya agogo ake.

Ndiye pa ulimi pempho langa ndi lakuti tiyambire kwa amene akulima kale. Boma lilengeze nyengo yoti mlimi wa chamba akhoza kukalembetsa kwa alangizi a zaulimi a m'dera lake, mafumu akuchitira umboni, popanda kuzengedwa mlandu wa zaka zam'mbuyo. Mbewu za makolo za ku Nkhotakota, ku Mzimba ndi kwina zisonkhanitsidwe ndi kulembetsedwa m'dzina la madera amene zinachokera, chifukwa makampani ogulitsa mbewu ku Ulaya ndi ku America akugulitsa kale mbewu zotchedwa Malawi popanda tambala yobwerera kuno. Pasapezeke kopaletivi yolandira chiphaso wogula asanasainire pangano looneka ndi maso, kuti zimene zinachitikira alimi oyamba aja zisabwerezedwe. Gawo la msonkho wa malondawa lilembedwe m'lamulo kuti ndi la chithandizo cha matenda a maganizo, lisakalowe m'thumba lalikulu la boma kumene ndalama zimasowera. Amene ali m'ndende lero chifukwa cholephera kulipira chindapusa cha ndudu ziwiri, milandu yawo iunikidwenso. Ndipo chiphaso cha mlimi wa ekala imodzi chilembedwe m'makwacha, pa mtengo wosaposa matumba angapo a feteleza, fomu yake izipezeka ku ofesi ya zaulimi ya ku Dwangwa ndi ya ku Jenda, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka.